Mboni Zimene Khoti Linakana: Chikhristu m'Mabuku a Akapolo Olemba Mbiri Yawo

Buku la Olaudah Equiano, limene linatuluka ku London mu 1789, limayamba ndi chithunzi cha mwini wake. Wavala ngati bwana wa ku England wa masiku amenewo, maso ali tong'o kuyang'ana wowerenga, ndipo m'dzanja muli Baibulo lotsegulidwa pa Machitidwe 4:12, ndime yonena kuti chipulumutso sichipezeka m'dzina lina. Bukulo analisindikiza yekha, ndi ndalama za anthu amene analembetsa kuti adzagula, choncho palibe anamukakamiza kujambulitsa motero. Munthu wofuna kusimba za fungo la m'sitima ya akapolo, za maunyolo, za pachibale olekanitsidwa pamsika, anasankha kuti wowerenga ayambe waona Baibulo.

Sanali yekha. Kuyambira cha m'ma 1760 kufikira 1865, anthu pafupifupi 100 amene analawa ukapolo ku America ndi kuzilumba za Caribbean analemba mbiri ya moyo wawo m'Chingerezi, kapena kuisimba kwa wina kuti awalembere. Ambiri mwa mabukuwa ndi odzaza ndi mapemphero, mavesi, maloto ndi nkhani za kutembenuka mtima. Owerenga a lero zimenezi zimawasowetsa mtendere. Ena amati anthuwa anali atasokonezedwa mutu, n'kumatamanda Mulungu wa anthu omwe anawaba. Ena amati kunali kuchenjera chabe, kunamizira kupemphera kuti azungu agule buku. Maganizo awiri onsewa amafulumira kuweruza asanafunse chinthu chimodzi: kodi m'masiku amenewo mawu a munthu wakuda ankamveka kuti?

Kukhoti sankamveka. M'madera ambiri a ukapolo lamulo silinkalola kapolo kuperekera umboni pa mlandu wa mzungu, ndipo Equiano akufotokoza kuti kuzilumba za West Indies ngakhale munthu wakuda womasuka ankangoberedwa masana dzuwa likuswa mtengo, poti lumbiro lake linalibe ntchito. John Wesley, amene anayambitsa mpingo wa Methodist, anawerenga bukuli ali pafupi kumwalira, ndipo m'kalata imene analembera William Wilberforce, wolimbana ndi malonda a akapolo, pa 24 Febuluwale 1791, kutatsala masiku 6 kuti atsikire kulichete, anatchula mfundo yomweyi kuti ndi imene inamukhudza kwambiri.

Malo amene mawu a munthu wamba ankalemera anali m'misonkhano ya chitsitsimutso ya Wesley ndi George Whitefield. Kumeneko wantchito wa m'nyumba, woluka nsalu, ngakhale kapolo, ankatha kuimirira n'kunena zimene Mulungu wamuchitira, anthu n'kumvetsera. Aliyense amene anakhalapo m'tchalitchi pa nthawi ya maumboni amadziwa mmene zimakhalira: mayi amene pamsonkhano wa m'mudzi sapatsidwa mpata, akangoti ndili ndi umboni, ngakhale abusa amakhala chete. Umboni wotere uli ndi kayendedwe kake, kuchokera mumdima, kudzera m'masautso, kukafika m'kuwala, ndipo owerenga a ku England anali atauzolowera m'mabuku a John Bunyan ndi anzake. Akapolo olemba mbiri yawo analowera pakhomo limeneli chifukwa ndi lokhalo linali lotsegula.

Eni akapolo ankadziwa kuopsa kwake. Panali chikhulupiriro chakale chakuti Mkhristu sangasunge Mkhristu mnzake muukapolo, ndipo anayesetsa kuchikwirira. Mu 1667 nyumba ya malamulo ya Virginia inakhazikitsa kuti ubatizo susintha kanthu pa ukapolo wa munthu. Mu 1729 akuluakulu awiri a zamalamulo ku England, Philip Yorke ndi Charles Talbot, ananenanso zomwezo. Koma chikhulupirirocho sichinafe. Equiano anabatizidwa m'tchalitchi cha St Margaret's ku Westminster mu 1759, ndipo mbuye wake Michael Pascal atamugulitsa mu 1762, mnyamatayo anatsutsa pamaso pa womugulayo kuti iye ndi wobatizidwa, sangagulitsidwe. Anamuyankha kuti akulankhula Chingerezi chambiri, n'kumuopseza kuti amukhalitsa chete. Mipingo nayo inali ndi manja akuda. Bungwe la mishoni la Anglican lotchedwa Society for the Propagation of the Gospel linali ndi minda ya nzimbe ya Codrington ku Barbados, yolimidwa ndi akapolo, kuyambira 1710. Mu 1807 ku London anasindikiza Baibulo lapadera la akapolo a ku West Indies. Nkhani ya Aisiraeli kutuluka mu Igupto anaichotsamo, Agalatiya 3:28 wonena kuti mwa Khristu mulibe kapolo kapena mfulu anamuchotsanso, koma Aefeso 6:5, wolamula akapolo kumvera ambuye awo, anamusiya. Munthu sadula masamba a buku limene saliopa.

Woyamba mwa olembawa kudziwika ku England, Ukawsaw Gronniosaw, ndi amene amakhumudwitsa kwambiri owerenga ofuna mkwiyo. Anabadwira ku Bornu, kumpoto chakummawa kwa Nigeria wa lero, anagulitsidwa kwa kapitawo wa sitima wa Chidatchi ndi mayadi awiri a nsalu, ndipo anadzakhala kapolo wa mbusa Theodorus Frelinghuysen ku New Jersey. Buku lake la 1772 silinena poyera kuti ukapolo ndi tchimo. Limathokoza Mulungu pomutulutsa mumdima, ndipo analipereka mwaulemu kwa Selina Hastings, mayi wolemera wa chitsitsimutso wodziwika kuti Countess of Huntingdon. Mayi ameneyu anali atangolandira kumene akapolo a ku Georgia amene Whitefield anamusiyira pomwalira mu 1770. Buku loperekedwa kwa mwini akapolo silikanatukwana ukapolo.

Komabe tawerengani zimene munthu wofatsayu anaikamo. Akusimba kuti ataona kapitawo akuwerenga, anadikira kuti achoke, n'kutsegula bukulo, n'kuika khutu kuti limuyankhule, koma linangoti zii, iye n'kuganiza kuti likumunyoza chifukwa ndi wakuda. Akusimba kuti anapita ku England poganiza kuti kwawo kwa Bunyan anthu onse ndi oyera mtima, n'kufikira kuberedwa ndalama ndi mayi wina wa ku Portsmouth. M'nyengo yozizira ku Colchester, ntchito itatha, iye ndi mkazi wake Betty anakhala masiku angapo akudya karoti mmodzi patsiku, wamuwisi, poti analibe nkhuni. Mwana wawo wamkazi atamwalira, mbusa wa Baptist anakana kuika maliro chifukwa sanali a mpingo wake, wansembe wa Anglican anakana chifukwa mwanayo sanabatizidwe, a Quaker nawo sanathandize. Gronniosaw anatsala pang'ono kukumba manda kuseri kwa nyumba. Wansembe uja atalola kuti mwanayo aikidwe koma popanda mwambo wa mapemphero, bamboyo anayankha kuti zilibe kanthu, poti mwanayo sakanamva n'komwe. Zonsezi akuzinena osakweza mawu, koma wowerenga akamatseka bukulo amakhala atadziwa kuti m'nkhani yonseyi Mkhristu weniweni ndi ndani.

Patangopita zaka 15, Quobna Ottobah Cugoano anakweza mawuwo. Anabedwa ali ndi zaka pafupifupi 13 kudera la Afante ku Ghana wa lero, anagwira ukapolo ku Grenada, ndipo anabatizidwa ku London mu 1773 m'tchalitchi cha St James's, Piccadilly. Sabisa chifukwa chimodzi chimene anabatizidwira: anthu anamulangiza kutero kuti asadzagwidwenso n'kukagulitsidwa. Buku lake la 1787, Thoughts and Sentiments, lili ndi mbiri ya moyo wake masamba ochepa chabe, kwinako ndi ulaliki wa moto. Eni akapolo ankati anthu akuda ali pansi pa temberero la Hamu. Cugoano akuwatsegulira Genesis n'kuwaonetsa kuti Nowa anatemberera Kanani, osati mtundu wonse wa Hamu. Ankati chilamulo cha Mose chinalola ukapolo. Iye akuwakumbutsa kuti chilamulo chomwecho, pa Eksodo 21:16, chimapereka chilango cha imfa kwa woba munthu n'kumugulitsa. Akuti kapolo ali ndi ufulu wothawa ndi wokana, kuti munthu aliyense wa ku Britain ali ndi gawo pa mlanduwu, ndipo dziko lonse liyenera kusala kudya ndi kulapa. Pa nthawi imene azungu odana ndi malondawa ankangopempha kuti sitima zileke kunyamula anthu, iye ankafuna kuti ukapolo weniweniwo uthe. Sanabisenso kuti amene anayamba kumuba anali akuda anzake, ngakhale akuonjezera kuti pakanapanda ogula sipakanakhala ogulitsa.

Apa zinthu zatembenuka. Gronniosaw anaimirira kuti azungu amuyese ngati ndi Mkhristu. Cugoano wakhala pa mpando wa woweruza, ndipo woyesedwa ndi Britain.

Equiano ali pakati pa awiriwa, ndipo n'chifukwa chake buku lake silitha kukoma. Anadziwombola yekha mu 1766 ndi mapaundi 40 amene anapeza pogulitsa tinthu ting'onoting'ono m'madoko, n'kuwapereka kwa mbuye wake Robert King, wa mpingo wa Quaker, ku Montserrat. Koma m'bukumo kumasuka kumeneku sikumaliza nkhani. Pali kumasuka kwachiwiri, ndipo akukufotokoza motalika kuposa mmene wandale akanachitira. Mu 1774 mnzake John Annis anabedwa m'sitima pa mtsinje wa Thames n'kutumizidwa ku St Kitts, kumene anazunzidwa mpaka imfa, Equiano atayesa njira zamalamulo osaphula kanthu. Mtima wake unasweka. Anayendayenda kwa a Quaker, kwa Akatolika, kwa Ayuda, mpaka anaganiza zosamukira ku Turkey, poti anaona kuti Asilamu a kumeneko anali oona mtima kuposa Akhristu amene ankawadziwa. Mtendere anaupeza pa 6 Okutobala 1774, m'sitima pa doko la Cadiz, akusinkhasinkha ndime ija ya Machitidwe. Munthu wongofuna kusangalatsa azungu sakanalemba kuti Aturuki akuwaposa khalidwe.

Chikhulupiriro chomwechi sichinamutsegule maso tsiku limodzi. Patangopita chaka chimodzi ndi miyezi, anathandiza Dr Charles Irving kugula akapolo okalima kugombe la Mosquito ku Central America, iye n'kukhala kapitawo wawo, n'kumadzitonthoza kuti akuwasamala bwino. Zimenezi akuzilemba yekha. Mu 1779 anapempha bishopu wa London kuti amudzoze akatumikire ku Africa, bishopuyo n'kukana. Mu 1783 ndi iye anakauza Granville Sharp, wolimbana ndi ukapolo, za sitima ya Zong, imene inaponya m'nyanja anthu amoyo oposa 130 kuti eni ake akalandire ndalama za inshuwalansi. Pofika 1789 anali atakhwima, ndipo pomaliza kusimba za msika wa akapolo ku Barbados akutembenukira owerenga, n'kuwatcha Akhristu a dzina lokha, n'kuwafunsa ngati zimenezi anaziphunzira kwa Mulungu amene amati uchitire mnzako zimene ufuna akuchitire. Bukulo linasindikizidwa ka 9 iye akadali moyo. (Katswiri wina, Vincent Carretta, anapeza kuti kaundula wa ubatizo ndi wa sitima ina amati Equiano anabadwira ku Carolina, osati kwa Aigbo monga bukulo linenera. Mkanganowo ukadalipo. Ukuonetsa kuti mphamvu ya mabukuwa yagona pa kukhulupirika kwa mboni, ndipo adani ake anali atayamba kale kukayikira za kwawo mu 1792.)

Pakhomo la umboni panali mtengo wake, ndipo amene analipira kwambiri ndi amayi. Kuti mboni imveke inayenera kuoneka yoyera, pamene ukapolo sunkalola mkazi kukhala woyera m'njira imene mipingo inkafuna. Mary Prince anabadwira ku Bermuda cha m'ma 1788. Anagwira ntchito m'madamu a mchere pa Turks Island, kuimirira m'madzi ofika m'mawondo kuyambira 4 koloko mbandakucha, mpaka miyendo kuchita zilonda zofika pafupa. Ku Antigua analowa mpingo wa Moravian, kumene amayi a mishoni anamuphunzitsa kuwerenga, ndipo mu 1826 anakwatiwa ndi Daniel James, mmisiri womasuka, n'kukwapulidwa chifukwa chokwatiwa popanda chilolezo cha mbuye wake John Wood. M'buku lake muli chinthu chimodzi chosaiwalika: pa msonkhano wa mapemphero wa akapolo okhaokha, kapitawo wakuda dzina lake Henry anaimirira n'kuulula kuti wakhala akuzunza anzake, koma ankatero pomvera lamulo la bwana, n'kupempha kuti amukhululukire.

Buku limeneli linatuluka ku London mu 1831, koma cholembera sichinali m'dzanja la Mary. Iye ankasimba, Susanna Strickland n'kumalemba, Thomas Pringle, mlembi wa bungwe lolimbana ndi ukapolo, n'kumadulira. Amayi a ku Birmingham atafuna chitsimikizo, mkazi wa Pringle ndi anzake anayang'ana msana wa Mary n'kulemba kalata yotsimikiza za zipsera, ndipo kalatayo inaikidwa m'bukumo polisindikizanso. Mawu a mayi wopemphera sanakwanire. Panafunika kuti azungu aone thupi. Mu 1833 Wood atasumira Pringle, Mary anafunsidwa m'khoti, ndipo anavomera kuti anakhalapo zaka zingapo ndi mzungu wina, Captain Abbot, kuti anamuuza Strickland zimenezi, koma sizinalowe m'buku. Amene anazichotsa ankafuna kumuteteza, ndipo ankadziwa owerenga awo. Koma pochotsapo anabisa gawo lenileni la mmene ukapolo unkadyera akazi, ndipo chinthu chobisikacho chitaululika chinakhala chida cha Wood, amene anapambana mlanduwo.

Harriet Jacobs wa ku Edenton, North Carolina, anakana njira imeneyo. Buku lake la 1861 analemba yekha, pogwiritsa dzina lakuti Linda Brent. Mbuye wake, dokotala James Norcom, anayamba kumufuna ali ndi zaka 15. Pofuna kumuthawa anagwirizana ndi loya wachizungu wa m'tauni momwemo, n'kubereka naye ana awiri, ndipo pambuyo pake anabisala pafupifupi zaka 7 m'kadenga ka nyumba ya agogo ake, kotalika kosakwana mita imodzi, mmene sankatha kuimirira. Za ana awiriwo akuzinena yekha, mwamanyazi koma osanama, ndipo akatha kuulula akuuza amayi achizungu a kumpoto kuti mkazi amene lamulo silimuteteza asayesedwe ndi muyeso wa iwo amene ali ndi nyumba ndi amuna owateteza. Kenako akutembenuzira muyesowo kwa dokotala: munthuyo atangolandiridwa kumene mu mpingo wa Episcopal anapitiriza kumunyengerera, n'kumulangiza kuti nayenso alowe mpingo, ngati kuti zimenezo sizikhudzana ndi zomwe ankamufunazo. Akusimbanso za nkhalamba ina, Fred, imene anaiphunzitsa kuwerenga Baibulo mobisa, onse awiri akudziwa kuti akagwidwa ndi zikwapu ndi ndende. Kwa zaka zoposa 100 akatswiri ambiri ankati bukuli ndi nthano yopeka ya mkonzi wake, Lydia Maria Child, mpaka Jean Fagan Yellin anatsimikiza ndi makalata m'zaka za m'ma 1980 kuti ndi la Jacobs.

Amene anafikitsa mlanduwu pachimake ndi Frederick Douglass. Pofika 1845, pamene buku lake loyamba linatuluka ku Boston, mipingo ya ku America inali ikung'ambika pa nkhani yomweyi: a Methodist anagawikana mu 1844, a Baptist mu 1845. Douglass sataya nthawi ndi umboni wa kutembenuka kwake. Umboni umene akupereka ndi wa kutembenuka kwa mbuye wake, Thomas Auld, amene anapita ku msonkhano wa chitsitsimutso wa Methodist n'kubwerako wankhanza kuposa kale, poti tsopano anali ndi mavesi. Auld ankamanga mtsikana wolumala dzina lake Henny n'kumukwapula mpaka magazi, uku akutchula Luka 12:47, ndime ya kapolo wodziwa chifuniro cha mbuye wake koma osachichita. Edward Covey, katswiri wothyola akapolo ouma mutu, ankapemphera m'mawa ndi madzulo ndi banja lake, koma anagula mayi wina, Caroline, kuti azimuberekera ana ogulitsa, n'kubwereka mwamuna wa mwini kuti azigona naye. Sukulu ya Sabata imene Douglass ankaphunzitsamo anzake kuwerenga Chipangano Chatsopano ku St Michael's inabalalitsidwa ndi ndodo, ndipo otsogolera chiwembucho anali atsogoleri a magulu a mu mpingo. Chigamulo chake n'chakuti mwa ambuye onse amene anawadziwa, opemphera ndiwo anali oipitsitsa.

Podziwa kuti amutcha wosapembedza, anaonjezera masamba kumapeto, n'kulekanitsa Chikhristu cha Khristu ndi chikhristu cha dziko la America, n'kunena kuti kukonda chimodzi n'kudana ndi chinzake. Pamenepo akubwereka ukali wa Mateyu 23, pamene Yesu akudzudzula Afarisi. Amene amati Douglass anali atataya chikhulupiriro amaiwala kuti anali mlaliki wovomerezeka mu mpingo wa anthu akuda wa AME Zion ku New Bedford. Mu 1846 anazungulira Scotland akuuza mpingo wa Free Church kuti ubweze ndalama zimene unalandira kwa eni akapolo a ku America. Mpingowo sunabweze.

Tisanakometse nkhaniyi mopitirira, pali Josiah Henson. Mu 1825 mbuye wake, atamira m'ngongole, anamutuma kuti atsogolere akapolo 18 kuchoka ku Maryland kupita ku Kentucky. Podutsa pa Cincinnati, dera la mfulu, anthu akuda a pamenepo anawauza kuti angotsika m'bwato, amasuka. Henson, Mkhristu wosunga lonjezo, anakankha bwatolo n'kupitiriza ulendo. Patapita zaka zochepa anaona anthu omwewo akugulitsidwa, ndipo akulemba kuti chisoni chake sichinamuchoke. Tsiku lina, akupita naye kokagulitsidwa ku New Orleans, ananyamula nkhwangwa usiku kuti aphe mwana wa bwana, n'kuitula atakumbukira kuti ndi Mkhristu. Anathawira ku Canada mu 1830. Chikhulupiriro chimene chinamuletsa kupha ndi chomwecho chinamuletsa kumasula anthu 18. Chaka chotsatira kuthawa kwa Henson, ku Virginia, Nat Turner anawerenga Baibulo lomwelo, n'kuona masomphenya, n'kutsogolera kuukira kumene kunaphetsa azungu oposa 50. Zotsatira zake, madera a kummwera anakhwimitsa malamulo oletsa anthu akuda kulalikira ndi kuphunzira kuwerenga, ndipo Jacobs akusimba kuti kwawo kachisi wa akapolo wa m'nkhalango anagwetsedwa.

Ndiye funso lija, ankakhulupiriradi kapena ankachenjera, ndimaliona kuti ndi losathandiza. Cugoano anabatizidwa kuti asagulitsidwe, n'kudzalemba buku limene munthu wosadya Baibulo usana ndi usiku sakanalemba. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko: munthu amene lamulo likumutcha katundu akamva kuti ali ndi mzimu, kuti ali ndi Mbuye woposa mbuye wake, safunika kunamizira kuti uthengawo wamukhudza. Funso lopindulitsa ndi lakuti anali ndi mphamvu zotani pa buku lake. Pamene cholembera ndi makina osindikizira zinali za wina, monga kwa Gronniosaw ndi Mary Prince, Chikhristu chimaoneka chofatsa, ndipo chidzudzulo chimabisala m'tinkhani ta karoti ndi maliro. Pamene wolemba anagwira yekha cholembera, chikhulupiriro chomwecho chimaluma.

Pali ena amene sanalowere pakhomo limeneli, kapena analowa ndi phazi limodzi. Venture Smith, m'buku lake la 1798, za Mulungu sazitchula kwenikweni. Amawerengera ndalama, mitengo imene anadula, ndi mtengo umene anawombolera mkazi wake ndi ana. Omar ibn Said, Msilamu wophunzira wa ku Futa Toro ku Senegal wa lero, anabatizidwa mu mpingo wa Presbyterian ku North Carolina, ndipo azungu ankamuonetsa ngati chitsanzo cha kutembenuka. Koma mbiri yake ya 1831 analemba m'Chiarabu, chimene ambuye ake sankatha kuwerenga, ndipo anaiyamba ndi sura ya 67 ya Korani, yonena kuti ufumu ndi umwini wonse uli m'dzanja la Mulungu. Kwa munthu amene wina ankati ndi mwini wake, kusankha sura imeneyo sikunali kwangozi. Anamwalira akadali kapolo. Tikumbukirenso kuchepa kwa mabukuwa. Anthu pafupifupi 12.5 miliyoni anakwezedwa m'sitima kuwoloka Atlantic, ndipo pafupifupi 4 mwa 10 alionse amene anafika anatsikira ku Brazil, koma buku lodziwika la munthu amene anagwira ukapolo kumeneko ndi la Mahommah Baquaqua, lomwenso linatuluka m'Chingerezi ku Detroit mu 1854, atabatizidwa ndi a Baptist ku Haiti. Mabukuwa amamveka achipulotesitanti chifukwa ndi Apulotesitanti olankhula Chingerezi amene anali ndi makina, ndalama ndi chifukwa chowasindikizira. Amene anasunga mizimu ya makolo awo sanapeze wowalembera.

Kuno kwathu nkhaniyi inabwera mochedwa ndipo inavala nkhope ina. Pamene malonda a akapolo ankasesa madera a Nyanja ya Malawi kupita kugombe la kummawa, Britain inali itathetsa kale ukapolo m'maiko ake ndi lamulo la 1833, ndipo mishoni inafika ngati mpulumutsi, osati ngati mnzake wa mwini akapolo. Petro Kilekwa, Mbisa wa kufupi ndi Nyanja ya Bangweulu ku Zambia wa lero, anabedwa ali mnyamata, amayi ake n'kulephera kupeza nsalu zimene ankafuna ngati dipo. Anayendetsedwa mpaka kugombe, n'kukwezedwa m'chombo cholowera ku Arabia, kumene sitima yankhondo ya Britain inawalanditsa. Anagwirako ntchito m'sitima zankhondozo, anaphunzira ku mishoni ya Anglican ya UMCA ku Zanzibar, ndipo anadzakhala mphunzitsi, kenako wansembe wa Anglican, ku Nyasaland. M'mbiri yotere mpingo sungakhale pa mpando wa woimbidwa mlandu monga kwa Douglass, pakuti ndiwo unalera wolembayo ndipo ndiwo unasindikiza buku lake. Woliwerenga achite monga tachitira ndi Gronniosaw, kumvetsera tinthu tating'ono timene munthu wothokoza amatchula modutsa. Bukulo, Slave Boy to Priest, linatuluka ku London mu 1937. Kilekwa analilemba m'Chinyanja, koma dziko limalidziwa m'Chingerezi cha womasulira wake, K. H. Nixon Smith.